Kodi ndi "wotsutsa mafilimu" kapena "wozukuta mafilimu"?

Wophunzira wina wa ku Zomba walemba kuti: "Bambo, m'kalasi mwathu tapatsidwa ntchito yoonera filimu ndi kulemba za ubwino ndi zofooka zake. Ine ndikufuna kulemba m'Chichewa. Anzanga akuti wogwira ntchito imeneyi ndi wotsutsa mafilimu. Kodi n'zoona? Nanga ndizilemba kuti kanema kapena filimu?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanalembe. Anzanuwo atsegula dikishonale, apeza liwu la Chingerezi loti critic, n'kutola tanthauzo limene linali pafupi. Koma kwa ife kutsutsa ndi kukana zimene wina wanena. Ku Nyumba ya Malamulo kuli mbali yotsutsa boma, pabwalo la milandu mboni imatsutsa mnzake. Mukati "wotsutsa mafilimu", Mchewa amva munthu wodana ndi mafilimu, wofuna kuti mashowo a vidiyo atsekedwe. Kudzudzula nakonso sikukwanira, poti timadzudzula wolakwa yekha.

Liwu la Chingerezilo linachokera ku Chigiriki, ku mneni wotanthauza kulekanitsa kapena kusankhula. Ndi ntchito ya mayi wopeta ndi lichero: mphale uku, gaga uko. Ndiye tifunika mneni wosonyeza kupatula zinthu mofatsa, ndipo tili naye kale. Aliyense amene anaphunzira Chichewa ku sekondale anazukutapo ndakatulo ndi nkhani zazifupi, anatchulapo ampangankhani, atengambali ndi pampondachimera. Ine ndikuti lembani "kuzukuta filimu", ndipo munthuyo ndi wozukuta mafilimu. Kuunika ndimakukondanso, chifukwa ndi m'bale wake wa muuni, koma atolankhani akutopetsa. Masiku ano bajeti akuunika, mpira akuunika, chilichonse akuunika. Kusiyireni ndemanga zazifupi za m'nyuzipepala.

Kusiyana kwa kudzudzula ndi kuzukuta kunaoneka bwino mu 2019, itatuluka filimu yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Ambiri pa Facebook anadandaula kuti Chichewa cha atengambali akunja chikumveka chachilendo, mawu akukwera pamene ayenera kutsika. Dandaulo linali loona, inenso makutu anandiwawa. Komatu kumeneko ndi kudzudzula chabe. Wozukuta amapitirira n'kufunsa kuti bwanji mwini filimu anasankha kuvutika ndi Chichewa pomwe akanatha kuyankhulitsa onse Chingerezi? Ndi pati pamene anthu akusintha chiyankhulo, kunyumba kapena kusukulu, ndipo kusinthako kukutiuza chiyani za amene ali ndi mphamvu? Nanga munda wouma uja kamera ikuuonetsa ili pafupi kapena patali? Mafunso otere ndi amene aphunzitsi anu akufuna. Akatswiri akhala akuwafunsa kuyambira 1968 pamene Ousmane Sembène wa ku Senegal anatulutsa Mandabi m'chiyankhulo cha Wolof.

Tibwere kwa kanema, liwu limene ndimalikonda kwambiri. Gwero lake ndi Chigirikinso, kinema, kutanthauza kuyenda, ndipo Angerezi ena akale ankalemba ndi k yemweyo. Ine sindikayika kuti makolo athu anamva katchulidwe ka k kameneka, chifukwa akanamva s bwenzi tikuti sinema monga Aswahili. Agogo anga amene anakagwira ku migodi ya ku Joni ankati bayisikopo mpaka kumwalira kwawo, koma liwu limenelo linapita nawo. Chosangalatsa n'chakuti kanema amayamba ndi ka, koma sali m'gulu la kamwana ndi kambuzi. Timati kanema uyu, kanema wabwino, makanema ambiri. Ndikamva wina pawailesi akuti "kanema kameneka" ndimadandaula, chifukwa wamuchepetsa popanda chifukwa.

Vuto la kanema ndi lakuti wasenza katundu wambiri. Chiyambire wailesi ya kanema ya dziko lino mu 1999, liwuli likutanthauza bokosi la pabalaza, nyumba youlutsira, ngakhale timavidiyo ta pa WhatsApp. M'nkhani ya kusukulu, imene imafuna kuti owerenga asasokonezeke, lembani filimu mukamanena ntchito imodzi yokhala ndi mutu ndi mwini wake: filimu iyi, filimu ya Shemu Joyah, mafilimu a ku Nigeria. Kanema musungireni luso lonse, monga "mbiri ya kanema m'Malawi".

Pomwe mudzavutike ndi pa mawu a ntchito ya kamera, chifukwa mabuku a sekondale analembedwera nkhani zapapepala. Kamera tinailandira, isiyeni. Koma "kushuta filimu" ayi, pamene kujambula kulipo. Chichewa chili ndi njira yake youmbira mayina a kachitidwe: kajambulidwe, kaunikidwe ka malo, kamvekedwe ka mawu, kalumikizidwe ka zithunzi. Lomalizali ndi limene achinyamata akulitcha editing'i. Mukalilemba koyamba, lifotokozeni m'chiganizo chimodzi kuti ndi kudula ndi kusanja zimene zajambulidwa, kenako pitirirani nalo osapepesa. Mukamaliza munditumizireko nkhaniyo ndiiwerenge.