Kodi mmonke wa m'mbali mwa nyanjayu wataya mtima?

Funso: Ndimaphunzitsa achinyamata kutchalitchi kwathu. Mmodzi anabwera ndi chithunzi pa foni, chojambulidwa ndi Caspar David Friedrich, katswiri wojambula wa ku Germany, cha mmonke ataima yekha m'mbali mwa nyanja. Ena akuti wataya mtima, ena akuti akupemphera. Tichimasulire bwanji? Wowerenga, Luchenza, Thyolo.

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Musanamasulire, yambani mwachiona bwino. Chithunzichi anachijambula pakati pa 1808 ndi 1810, chili ku Alte Nationalgalerie, nyumba yoonetseramo zithunzi ku Berlin, ndipo n'chachikulu: masentimita 110 chopita m'mwamba, 171 chopingasa. Pa foni mmonkeyo amangosanduka kadontho, choncho chitseguleni pa kompyuta kapena chisindikizeni pa pepala la A3. Sankhaninso chatsopano. Anachitsuka pakati pa 2013 ndi 2016 n'kuchotsa vanishi wakale, ndiye zithunzi zakale za pa intaneti n'zodera mopitirira. Mdima umenewo ndi umene umasokeretsa anthu.

Kenako wina aphimbe mmonkeyo ndi chala, enawo atchule zatsala. Mchenga wotuwa, madzi akuda, ndi thambo lomwe latenga malo oposa magawo atatu mwa anayi. Palibe mtengo, palibe nyumba, diso likusowa pogwira. Inu a ku Thyolo mukuzidziwa: m'mawa wa chiperoni, nkhungu itameza minda ya tiyi, munthu amene ali patsogolo pako amaoneka kachepechepe. Ndipo kusowa zinthuku n'kwadala. Atachiunika ndi makina, akatswiri anapeza kuti Friedrich anayamba waikamo zombo, kenako anazisiya.

Mmonkeyo watifulatira. Nkhope sitikuiona, ndiye amene akuti akulira angozionjezera okha. Wojambulayo akufuna kuti inuyo muime pamene waima iyepo, muone zimene akuona.

Nanga chikhulupiriro chili pati, poti mulibe mtanda ngakhale tchalitchi? Chili mu mkanjo wavalawo, komanso m'thambomo: tsatani ndi chala kuchokera pa madzi kukwera m'mwamba, muona mdima ukunka nuyera.

Za imfa musazikakamize pa chithunzi chimodzichi. Chili ndi chinzake, chojambulidwanso ndi Friedrich, chotchedwa Abtei im Eichwald m'Chijeremani, ndipo ziwirizi anazionetsa limodzi ku Berlin mu 1810. Mmenemo amonke anyamula bokosi la maliro, akulowa pa chipata cha tchalitchi logumuka, pakati pa manda ndi mitengo yoyoyoka masamba. Pansi pali mdima, kuwala kuli kumwamba, pamene pali kamwezi kowonda. Ziikeni pamodzi achinyamatawo afanizire.

Ife tikuona kuti mmonkeyu sanataye mtima. Waima chilili pamene mtunda wathera, sakuthawa, akuyang'anitsitsa chinthu chomukulira. Koma mwana amene akuona mantha musamutsutse msanga. Mufunseni aloze malo enieni pa chithunzipo amene amupatsa maganizo amenewo.