Yankho kwa achemwali ofunsa za keke ya chokoleti yothira mowa wakuda ndi lalanje

Achemwali, mwati munadya keke yakuda bii ku ukwati wa m'bale wanu ku Dublin, anakuuzani kuti muli mowa ndi lalanje, ndiye mukufuna kudziwa kaphikidwe kake, ngati siiwawa, komanso ngati ana angadye. Ine ndimaiphika kawirikawiri, bwerani pafupi.

Mowa wake ndi uja wakuda amati stout. Ku Ireland amathira Guinness, amene fakitale yake ili ku St James's Gate mu Dublin momwemo kuyambira 1759. Kudako si utoto ayi, amakazinga balere mpaka ade ngati khofi. Pajatu nthanga za cocoa nazo amachita kukazinga, n'chifukwa chake ziwirizi zikakumana zimamvana. Keke ikapsa, mowa sumveka mkamwa, chimene mumamva ndi chokoleti chokhathamira, chosatsekemera monyanya. Stout iliyonse imene mungaipeze ikwanira. Koma Chibuku ayi, chonde, ndipo mowa woyera uja sungakupatseni mtundu kapena fungo limene mukufunalo.

Ine ndimatere. Mupoto ndimathira stout 250ml ndi batala 250g (majarini amathekanso, kungoti fungo limachepa), n'kuika pa moto wochepa kuti batala asungunuke basi. Zisabwate. Zikadali zotentha ndimathiramo cocoa 75g n'kutakasa, chifukwa cocoa amatulutsa fungo lake bwino akakumana ndi zotentha. Kenako shuga 350g. Zikazizirako, kuti chala chikhoza kupirira, ndimathira mazira 2 amene ndawamenya pamodzi ndi chambiko 150ml. Pomaliza fulawa 275g wosefa pamodzi ndi soda masupuni aang'ono 2.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chosakanizacho chimakhala chamadzimadzi ngati phala la mwana, ndiye mtima umakuuzani kuti muwonjezere fulawa. Musayerekeze. Ulendo wanga woyamba ndinawonjezera manja awiri, ndinaphula chinthu chouma gwa, ana anachita kuviika mu tiyi ngati chigumu chogona masiku atatu.

Za soda, musaisinthanitse ndi baking powder. Soda imafufumitsa ikakumana ndi zowawasa, ndipo stout ndi chambiko zonse ndi zowawasa, ndiye zimagwirizana. Koma yezani bwino, supuni yosadzaza mpaka phiri. Soda ikachuluka keke imamveka sopo, ndipo anthu amanamizira mowa.

Tsopano lalanje, chifukwa kuwawa kumene mukuopako kawirikawiri kumachokera kuno. Fungo la lalanje lili m'khungu la pamwamba lenilenilo, muli timafuta tija timalowa m'maso mukamasenda. Chiguduli choyera cha mkati ndiye chowawa. Tsukani malalanje 2, palani pa grater mbali ya timabowo ting'onoting'ono, mopepuka dzanja, mukangoona zoyera tembenuzani. Zopalazo musangoziwaza mu fulawa. Zithireni mu shuga uja musanamuike mupoto, n'kufikisa ndi zala mpaka shuga anyowe ndipo khitchini yonse inunkhire. Malalanje athu obiriwira khungu ndi abwinobwino, musadandaule za mtundu. Nyengo ya manachesi a ku Mwanza ndimatenga atatu m'malo mwa malalanje, fungo lake limaposanso, kungoti khungu ndi lopyapyala, limafuna dzanja laulemu.

Madzi a lalanje musawathire m'chosakaniza, muli kale zamadzi zokwanira. Afinyireni mukapoto, thirani shuga masupuni aakulu 3, wiritsani mpaka ayambe kunanda. Keke ikangotuluka, ibooleni ndi kamtengo malo angapo n'kuthira madziwo pang'onopang'ono ikadali yofunda.

Chikombole chikhale cha 23cm, pansi muyale pepala chifukwa keke imeneyi imakakamira. Uvuni pa 180°C, mphindi 45 mpaka ola limodzi. Theka la ola loyamba musatsegule chitseko, ikhoza kubwerera pakati. Kamtengo kakatuluka ndi tinyenyeswa tonyowa koma popanda phala, yapsa. Magetsi akathima, mbaula imagwira ntchito: mchenga pansi pa poto wamkulu, chikombole pamwamba pa mchenga, makala ambiri pa chivundikiro kuposa pansi. Pokhala yakuda kale, maso sangakuuzeni kuti ikupserera, ndiye mphuno ikhale tcheru.

Nkhani ya ana ndi kuledzera ndiyankhe mosapsatira. Palibe angaledzere ndi keke imeneyi, mowa wosakwana botolo limodzi wagawikana m'zidutswa 12 ndipo mowa wambiri umauluka ndi kutentha. Koma amene amati umatha wonse akunama, pang'ono pamatsala. Choncho muziwauza anthu musanawagawire. Kuli anzathu achisilamu, kuli a mipingo yoletsa mowa, amayi oyembekezera, ndi ena amene anasiya kumwa movutikira. Kumudyetsa munthu mosadziwa kenako n'kumaseka kuti munali mowa si nthabwala, ubale umatha nazo zimenezo. Ikakhala ya ana kapena ya kumpingo, ine ndimathira khofi wakuda wowirira 250ml m'malo mwa stout, zina zonse chimodzimodzi. Kakomedwe kamasiyanako pang'ono koma mbale imabwerera yopanda kanthu.

Zoyera zimene munaona pamwamba ndi cream cheese womenya ndi icing sugar, amapaka pamwamba pokha, m'mbali n'kusiya mwakuda, kuti keke izioneka ngati tambula ya Guinness ndi thovu lake. Cream cheese akavuta kupeza kapena mtengo ukakhala wobaya, madzi a lalanje aja ndi okwanira. Ndipo ngati mwambo uli Loweruka, phikani Lachisanu, ikazizira muikulunge bwino igone. Mawa lake imadulika bwino osanyenyeka, ndipo lalanje limakhala lalowerera mpaka pansi.