Mitengo inalipo, nanga napolo anadutsa bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti ngati mitengo imagwira nthaka, bwanji napolo amang'amba ngakhale phiri la nkhalango yowirira. Mwafunsa bwino, chifukwa ambirife tinazolowera kungoloza chala ootcha makala basi.

Mitengo imathandiza ndithu, koma mizu yake yambiri imathera pafupi, mita imodzi kapena awiri. Mapiri ngati Mulanje, Michesi ndi Zomba ali ndi dothi lochepa lomwe langokhala pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku awiri atatu osakata, madzi amalowa pansi, akafika pathanthwepo amasowa kolowera, ndiye amayamba kuyenda pakati pa dothi ndi mwala. Ikani mtanda wa nsima m'mbale yonyowa, muipendeketse, muone. Pamwamba palemera, pansi pakuterera, ndiye chigawo chonse cha phiri chimatsetsereka, mitengo ili chiimire. Zikagwera m'khwawa zimasanduka phala la matope, zipika ndi miyala ina yaikulu ngati nyumba. Apa mtengo uja wasanduka chida chogumulira milatho.

Izi sizinayambe ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Ku Zomba napolo anatsika mu Disembala 1946, ku Phalombe anachokera m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 n'kupha anthu mazanamazana. Agogo athu ankati ndi chinjoka chikusamuka kuphiri kupita kunyanja. Ine sindiwaseka, iwo ankadziwa kuti chinthuchi chili ndi njira yake ndipo chimabwereranso momwemo.

Za ku Soche mu Malichi 2023 n'zosiyana pang'ono. Kumeneko phiri tinalimeta mpala, nyumba zinakwera mpaka kumtunda, ena anamanga m'mphepete mwenimweni mwa makwawa. Matope atatsikira ku Chilobwe anapeza anthu panjira pake. Choncho kubzala mitengo tibzale, koma tisanamizane kuti nyumba ya pakamwa pa khwawa yatetezeka chifukwa kumtunda kwabiriwira.

Inu amene muli m'tsinde mwa phiri, mvula ikakakamira muziyang'ana ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo yoyamba kupendekeka, ndi madzi otumphuka pomwe sipanakhalepo kasupe. Choopsa kwambiri ndi mtsinje kuphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, ndiye kuti watsekeka kumtunda ndipo uphulika. Mukamva mkokomo ngati malole ambiri akubwera pamodzi, musatsike ndi khwawalo, simungapikisane nalo. Thawirani cham'mbali, pamalo okwera, katundu musiyeni.