Chilembwe ndi mutu chabe, nanga mfundo yanu ndi iti?

Mtsikana wina wophunzira Mbiri wanditumizira imelo. Akulemba pepala la kafukufuku, ndipo aphunzitsi ake akana thesis statement yake (chiganizo chonena mfundo yaikulu ya pepala) yakuti: "Pepala ili lifotokoza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915." Akufunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Achemwali, chalakwika n'chakuti palibe amene angakutsutseni. Zoti Chilembwe anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915 ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa. Mwangotiuza kumene mukupita, simunatiuze zimene mukanene mukafika. Thesis statement imafuna mfundo yoti munthu wina wowerenga bwino anene kuti "ayi, sizinali choncho", inu n'kutulutsa umboni.

Yambani ndi funso limene likukusowetsani mtendere. Zinatheka bwanji kuti m'busa amene anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, munthu wa sukulu ndi tchalitchi, atole zida patatha zaka 15? Mayankho alipo ndipo amakokana. Ena amaloza thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene William Jervis Livingstone ankazunza alimi ndi kuotcha matchalitchi a mpingo wa Chilembwe. Ena amaloza nkhondo yoyamba ya padziko lonse, popeza mu Novembala 1914 Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza.

Tsono sankhani mbali. Mwachitsanzo: "Ngakhale nkhondo ya 1914 inafulumizitsa zinthu, chimene chinasonkhanitsa anthu pambuyo pa Chilembwe ndi nkhanza za thangata ku Magomero." Taonani mawu akuti "ngakhale". Akuonetsa kuti mukudziwa zimene otsutsa anganene, ndipo akukupatsiranitu magawo a pepala lanu. Umboni wanu woyamba ndi wakuti usiku wa kuukirako anthu anapita ku Magomero n'kukapha Livingstone. Koma kalata ija ya ku Nyasaland Times musaibise. Aphunzitsi amaidziwa, adzakufunsani, ndipo adzafunsanso za gulu limene linapita ku Blantyre kukafuna mfuti kusitolo ya African Lakes.

Ine sindikonda thesis yonyamula zifukwa zonse, thangata, msonkho, chipembedzo, nkhondo, popanda kunena chachikulu. Kumeneko n'kuthawa mlandu. Ndipo mukawerenga lipoti la komiti yofufuza za kuukirako la mu 1916 n'kupeza kuti umboni ukukana chiganizo chanu, sinthani chiganizocho.