Mafunso Anu: Ndithokoze ndi chiyani pamene zokolola zavuta?

FUNSO

Abusa, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mponela m'boma la Dowa, ndipo amuna anga anatisiya zaka zitatu zapitazo. Chaka chino mvula inadula chimanga chikumasula, feteleza wobereketsa sindinakwanitse kugula, ndipo m'munda momwe ndinkapeza matumba 15 ndatulukamo ndi matumba 4 okha. Tsiku la masika kutchalitchi kwathu layandikira, ndipo mwambo wa kwathu ndi wakuti mlembi amawerenga dzina la munthu aliyense pamodzi ndi zimene wabweretsa. Ndikuganiza zongojomba tsikulo kuopa manyazi. Chinanso chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti akamalalika za mphatso amatchula oimba, olalika ndi opempherera odwala, pamene ine chimene ndimadziwa ndi kusoka basi, pa makina amene anandisiyira malemu mayi anga, pakhonde la sitolo ya eni. Kodi munthu ngati ine athokoze bwanji Mulungu, ndipo kodi utelala ndi mphatso pamaso pake?

Mayi wa ku Mponela

YANKHO

Mayi, pepani ndi mtolo umene mwasenza nokhawu, koma ndikupemphani kuti musajombe. Tsiku la masika si la anthu okhawo amene nkhokwe zawo zadzaza.

Mwambo wobweretsa zokolola kwa Mulungu timaupeza pa Deuteronomo 26, ndipo mukawerenga modekha mudzaona kuti munthu ankauzidwa kuika zipatso zoyamba mudengu, koma kukula kwa dengulo sikunatchulidwe. Chimene chinalamulidwa mwatsatanetsatane ndi mawu amene mwini dengu ankayenera kunena ataimirira pamaso pa wansembe, ofotokoza kuti kholo lake linali mlendo wosowa pokhala, kuti mtundu wake unazunzika ku Ejipito, ndiponso kuti Mulungu anamva kulira kwawo n'kuwapatsa dziko. Choncho mtima wa masika unali kukumbukira, ndipo inu muli nazo zokumbukira: zaka zitatu za umasiye zimene mwadutsamo ana anu anayi ali moyo. Za kuchuluka kwa mphatso, Deuteronomo 16:17 ikunena kuti aliyense apereke monga momwe angathere. Malamulo a Mose ankalola wosauka kubweretsa njiwa ziwiri m'malo mwa nkhosa, ndipo pa Luka 2:24 timamva kuti nsembe imeneyi ndi imene Mariya ndi Yosefe anapereka atapita ndi khanda Yesu ku Kachisi. Ngati banja limene linalera Ambuye linalowa m'Kachisi ndi nsembe ya amphawi, simuyenera kubisa nkhope chifukwa cha mbale ya chimanga, chitini cha nyemba kapena maungu awiri.

Ndinene mosabisa kuti thumba lathunthu musapereke. Matumba 4 pa anthu asanu sangakufikitseni ku zokolola zina, ndipo 1 Timoteo 5:8 imadzudzula mwamphamvu munthu wosasamala a m'banja lake. Wina akakuuzani kuti mupereke zonse ngati mbewu kuti chaka chamawa mukolole matumba 100, dziwani kuti akusandutsa chithokozo kukhala malonda. Kunena zoona, pa Deuteronomo 26:12 chakhumi cha chaka chachitatu chinkapita kwa Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye, kutanthauza kuti mpingo woyenda bwino uyenera kuganizira za nyumba yanu pogawa zimene zasonkhanitsidwa pa masika.

Mwambo wowerenga maina ndi matumba ine sundisangalatsa, ngakhale ndikudziwa kuti ena anauyamba ndi cholinga chabwino, choti katundu wa mpingo asasowe m'manja mwa osunga. Cholinga chimenecho chingakwaniritsidwe polengeza zonse zimene zapezeka, maina n'kukhala m'buku la mlembi, pakuti Yesu pa Mateyu 6 anaphunzitsa kuti dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likupereka. Kambiranani nkhaniyi mwaulemu ndi mkulu wa mpingo wa m'dera lanu. Ndikukhulupirira kuti si inu nokha amene mukuganiza zojomba chaka chino.

Tsopano za makina anu, pamene ndikufuna kukhalitsapo pang'ono. Ife alaliki tili ndi chizolowezi chotchula mphatso zooneka pa guwa zokha, mwina chifukwa ndi zimene ifeyo tili nazo. Komabe pa Eksodo 31 munthu amene akunenedwa kuti anadzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu ndi Bezaleli, ndipo sanadzazidwe kuti alalike, koma kuti asule golide, siliva ndi mkuwa, aseme miyala ndi kupala matabwa. Pa Eksodo 28:3 Mulungu akunena kuti anapatsa mzimu wa nzeru anthu amene anasoka zovala za Aroni, ndipo mutu 35 ukutchula amayi aluso amene anapota ulusi ndi manja awo kuti chihema chikhale ndi nsalu. Ku Yopa, Dorika atamwalira, akazi amasiye sanamusonyeze Petro ulaliki uliwonse, koma malaya ndi zovala zimene mayiyo anawasokera (Machitidwe 9:39). Paulo nayenso ali ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Atelala ndinu ochuluka m'Malemba kuposa momwe timalalikira.

Fanizo la matalente pa Mateyu 25 limamveka bwino tikadziwa mtengo wa talente. Talente imodzi inali pafupifupi madinari 6,000, pamene dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku, kotero wantchito uja amene analandira imodzi yokha anagwira m'manja mwake malipiro a zaka pafupifupi 20. Sanali wosauka ayi, koma anayang'ana za anzake, n'kuchita mantha, n'kukumba dzenje. Makina a malemu mayi anu, pamodzi ndi luso limene anakusiyirani m'zala, ndi munda wachiwiri umene suyembekeza mvula.

Kukhulupirika pa mphatso imeneyi kumayambira pakhonde pomwepo, osati kutchalitchi. Kumaoneka pamene mwabweza chidutswa cha chitenje chimene chatsala mwini wake asanafunse, pamene mwakana ntchito imene mukudziwa kuti simuimaliza tsiku la ukwati lisanafike, ndiponso pamene mwasiya mawu aja akuti "bwerani mawa" amene atelala ambiri atchuka nawo. Izi sizikutanthauza kuti muzisokera akhristu anzanu ulere. Alipo amene amabwera ndi nsalu n'kulipira ndi mawu akuti "Ambuye akudalitseni", pamene ulusi, zipi ndi lendi ya pakhonde zimafuna ndalama. Tchulani mtengo wanu mopanda manyazi, chifukwa chimanga chimene chapereweracho mudzachigula ndi singano imeneyo, ndipo Luka 10:7 ikuti wantchito ayenera malipiro ake.

Chimene mungapereke mwaufulu musankhe nokha, ndipo chikhale ndi malire ake. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, ndipo m'dera lanu simungalephere kupezeka mwana wamasiye amene yunifomu yake yang'ambika kapena yamuthina. Ngati gulu la amayi lingasonkhe ndalama ya nsalu, inu mungapereke manja anu kwa masiku awiri. Mungathenso kukhazika pambali panu mtsikana mmodzi amene anasiya sukulu, Loweruka lililonse masana, kuyamba ndi kupinda m'munsi mwa siketi ndi kuika mabatani. Tsiku la masika likafika, tengani mbale yanu ya chimanga, ndipo mlembi akafunsa choti alembe pa dzina lanu, mumuuze kuti alembe mbale imodzi ndi mayunifomu awiri.