Seva ikhale laputopuyo, achimwene, desikitopu ili ndi ntchito ina

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kunyumba kwanu ku Dedza boma kuli makina awiri akale, desikitopu yomwe ili ndi Windows 10 ndi laputopu yosweka sikirini ya RAM ya 4GB. Mukufuna imodzi ikhale seva ya pakhomo, muzisungamo zithunzi za banja, manotsi a ana ndi kawundula wa geni ya kachewere ya alamu, kuti aliyense azizipeza pa foni yake. Mwafunsanso kuti muyike Windows kapena Linux. Ine ndili kuno ku Ntcheu ndipo kaseva kotere ndili nako, ndiye ndikuuzani zomwe ndinaphunzira movutikira.

Ambiri akuuzani kuti mutenge desikitopu poti ndi yamphamvu. Ine ndikuti ayi, tengani laputopuyo. Kwathu kuno seva siifa chifukwa chochepa mphamvu, imafa ndi kuzimazima kwa magetsi. Laputopu ili ndi batire m'mimba mwake, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi imapitiriza, ngakhale mphindi makumi awiri zokha, ndipo disiki imamaliza kulemba zomwe imalemba. Desikitopu imangoti zii pomwepo. Ine ndinayamba ndi desikitopu, ndipo tsiku lina madzulo ndikukopera zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wanga kuchokera mu kamera, magetsi anapita. Atabwera, disiki inkangolira kuti tsketsketske, osadzukanso. Memori khadi ndinali nditafufuta kale theka. Mpaka lero mlongo wanga akafunsa za zithunzi zija mtima umandiwawa. Chinanso, laputopu imadya mayuniti ochepa kwambiri poyerekeza ndi desikitopu, ndipo chinthu choyaka usana ndi usiku kusiyana kumeneku mumakuona pa mita. Ngati muli ndi sola ndi kainiveta, laputopu siilemetsa. Chokhacho, itembenuzeni muone batire. Ngati yatupa, ikukankha chivindikiro kapena kiyibodi, ichotseni musanachite china chilichonse.

Za Windows sinditalikitsa. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zomwe makina ambiri akale alibe. Windows wa kiraki uja amayika anyamata pamsika ndiye musayerekeze kusungirapo ndalama za alamu. Ikani Linux yotchedwa Ubuntu Server, ya LTS, kutanthauza yothandizidwa nthawi yaitali. Ma LTS amatuluka mu Epulo pakatha zaka ziwiri zilizonse ndipo amalandira zigamba za chitetezo kwa zaka zisanu ulere, choncho 24.04 ikufikitsani mu 2029. Debian nayo ndi yabwino, ndi mayi ake a Ubuntu, koma kwa woyamba kumene Ubuntu ili ndi anthu ambiri oti akuthandizeni mukakakamira. Ubuntu anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timanena ife.

Musaope kuti ilibe zithunzi zodinadina. Mtundu wa seva ndi sikirini yakuda ndi malemba basi, n'chifukwa chake 4GB yanuyo imakwana mpaka kutsalako. Sabata yoyamba mudzaona ngati mwalowa m'nkhalango usiku, koma malamulo omwe mudzagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku sakwana khumi.

Fayilo yoyikira ndi pafupifupi 3GB, ndiye ganizirani bandulo. Mukaipeza, gwiritsani ntchito pulogalamu ya Rufus pa desikitopu ija kuti muilembe pa fulashi ya 8GB. Dziwani kuti fulashiyo ifufutika yonse, chimodzimodzinso disiki ya laputopu, choncho yambani mwasamutsa chilichonse chofunika. Poti sikirini ndi yosweka, lumikizani laputopu ku monita ya desikitopu kapena ku TV ya pabalaza ndi chingwe cha VGA kapena HDMI, tsiku loyikalo lokha. Poyika mudzafika pomwe ikufunsa za OpenSSH server. Chongani pamenepo, musadumphe. Imeneyo ndi yomwe idzakuloleni kuyendetsa seva muli pa kompyuta ina kapena pa foni, monita osaifunanso.

Pali kanthu kamodzi komwe kanandizunguza mutu masiku atatu. Ndikatseka chivindikiro cha laputopu, seva inkasowa pa netiweki, ine n'kumaganiza kuti yafa. Inkangogona. Tsegulani fayilo ya /etc/systemd/logind.conf, pezani mzere wa HandleLidSwitch, chotsani kachizindikiro ka # koyambirira, mulembe kuti HandleLidSwitch=ignore, kenako yatsaninso makina. Ikatero mutha kuitseka n'kuiika pa shelefu.

Ngati rauta yanu ili ndi mabowo a chingwe kumbuyo, lumikizani seva ndi chingwe, musadalire Wi-Fi. Lowaninso mu rauta muipatse adiresi yosasintha, mwachitsanzo 192.168.1.50 ngati manambala a rauta yanu amayamba choncho, apo ayi mawa idzapatsidwa ina ndipo mafoni adzaisowa. Apa pali nkhani yokoma yomwe ambiri saidziwa: mafayilo oyenda pakati pa foni ndi seva m'nyumba momwemo sadya bandulo. Ngakhale data itatheratu, bola rauta yayaka, mwana atenga manotsi ake, alamu atsegula kawundula wawo.

Yambani ndi ntchito imodzi yokha, kugawana mafayilo, ndipo pulogalamu yake ndi Samba. Imachititsa kuti mafoda a pa seva azioneka pa Windows ngati ali pomwepo, ndipo pa Android mapulogalamu ambiri otsegulira mafayilo amamva SMB, chilankhulo chomwe Samba imagwiritsa ntchito. VLC nayo imaseweza mavidiyo kuchokera pomwepo. Pamene ndikufuna mudekhe ndi pa maakaunti. Musapange foda imodzi yoti aliyense azilemba ndi kufufuta. Alamu akhale ndi dzina lawo ndi pasiwedi yawo, foda ya geni ikhale yawo yokha. Ana awerenge zithunzi za banja koma asathe kufufuta, chifukwa chala cha mwana wa sitandade 4 chimathamanga kuposa maganizo ake. Samba ikakhazikika mwezi wathunthu, ndiye muganize za Kiwix, yomwe imasunga Wikipedia pa disiki kuti ana awerenge popanda intaneti, kapena Kolibri ya maphunziro. Mukaunjika zonse tsiku limodzi, china chikavuta simudziwa kuti chalakwa n'chiti.

Kusamala kwake si kwambiri. Kamodzi pa sabata lowani ndi SSH, njira ya OpenSSH ija, mulembe sudo apt update kenako sudo apt upgrade kuti ilandire zigamba zatsopano. Yatsani ufw, mpanda wotchinga olowa osaloledwa pa netiweki, koma muyambe mwaloleza SSH ndi Samba, mukapanda kutero mudzitsekera nokha kunja. Lamulo la df -h likuuzani malo otsala pa disiki. Mukadzafuna kupeza mafayilo muli ku Lilongwe kapena ku Lizulu kogula katundu, musalimbane ndi kutsegula mapoti, makomo olowera kuchokera kunja, pa rauta. Pa intaneti ya simu khadi nthawi zambiri anthu ambirimbiri mumagawana adiresi imodzi yakunja, ndiye sizitheka n'komwe, komanso n'kuitana akuba. Pulogalamu ya Tailscale imagwira ntchito imeneyi bwino, ndipo pa zapakhomo ndi yaulere.

Tsopano desikitopu ija. Seva si malo osungirako zinthu mpaka muyaya, achimwene, disiki iliyonse tsiku lina imafa, makamaka ya laputopu yomwe yatumikira kale zaka zambiri. Desikitopuyo ikhale nkhokwe yachiwiri. Muziiyatsa Lamulungu mukabwera ku tchalitchi, magetsi alipo, mukopere zonse za pa seva, muizimitse n'kuzula pulagi kukhoma. Mukaikamonso Linux, lamulo la rsync limakopera zokhazo zomwe zasintha, ndiye sizitenga nthawi. Kuzula pulagi ndikunenetsa chifukwa cha mphenzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ya m'mapiri athuwa imabwera ndi ziphaliwali, ndipo chilichonse cholumikizidwa kukhoma chitha kupsa nthawi imodzi, seva, rauta ndi TV yomwe. Chozulidwa chokha ndi chomwe chimapulumuka. Zithunzi zomwe simungazipezenso, za maukwati, za makolo omwe anatisiya, ziikeninso pa hadi disiki yakunja mukaisungitse kwa achibale nyumba ina. Ndipo kamodzikamodzi muzitsegula zithunzi ziwiri zitatu mu nkhokwemo, muone ndi maso anu kuti zikutseguka.

Kuzizira kwa ku Dedza kukuthandizani, makina sadzatentha ngati akuchigwa ku Golomoti. Adani anu ndi fumbi la Seputembala ndi Okutobala, nyerere ndi mphemvu zomwe zimakonda kufunda kwa mkatimo. Iikeni pamwamba, patali ndi khitchini, pansi pake muikepo timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa, ndipo muwapemphe alamu asaiphimbe ndi kansalu kokongoletsa.

Fulashi ya Ubuntu Server 24.04 ndili nayo yolemba kale, musawononge bandulo. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Lilongwe, nditha kutsika pa Dedza ndikusiyireni. Pakadali pano tembenuzani laputopuyo mundilembere nambala ya modelo yomwe ili pansi pake, mundiuzenso ngati batire imasunga moto mukazula chaja.