Musalole kuti akukhomereni mapaipi a magata ndi misomali

Achimwene, zoti mmisiri wanu akufuna kukhoma mapaipi otsitsa madzi ndi misomali pakhoma la njerwazo, muletseni lero lomwe. Ine zinandionekera, mpaka pano ndikakumbuka mtima umawawa.

Wanga anabwera ndi hamala ndi misomali ya konkire, n'kumakhoma m'mizere ya simenti ya pakati pa njerwa. Paipi yonse, kuchokera kudenga mpaka pansi, mabulaketi awiri basi, pena n'kungomanga ndi waya. Nditafunsa akuti, "Bwana, ntchito yathu iyi, inu khalani phee." Ndinakhaladi phee, ndalama n'kupereka yonse.

Mvula yamphamvu yoyamba inagwa usiku, cha m'ma 2 koloko. Ndinadzidzimuka ndi phokoso ngati wina akumenya khoma ndi mtengo. Kutuluka ndi tochi, paipi yazuka kumtunda, ikulendewera pa bulaketi imodzi, mphepo ikuimenyetsa kukhoma. Gata, ngalande yolandira madzi m'mphepete mwa denga ija, nayo yapindika pakati, madzi akukhuthukira pakhoma la kuchipinda kwa ana ngati wina watsegula mpopi. Ndinakwera makwerero opanda nsapato, tochi kukamwa, madzi akulowera m'khosi kutsikira kumsana, mayi a kunyumba atagwira makwerero pansi uku akukuwa kuti nditsike ndisanawasiyire umasiye. Msomali wotsalawo ndinauzula ndi zala. Zala, abale! Unatuluka ndi simenti yofumbutuka ngati mchenga. Kutacha, khoma lanyowa mkati mpaka pafupi ndi soketi, patapita masabata penti n'kuyamba kusupuka, chuku bii pakona.

Kumuimbira, akuti mvula inachuluka. Ndiye magata timaikira dzuwa? Kenako foni osayankhanso. Pokonza ndekha m'pamene ndinaona kuti munthuyu ngakhale levulo sanagwire, gata inapendekera kumbali kopanda paipi, madzi ankangodikha pakati. Anthu ena amangodziwa kukwera padenga, kuganiza ayi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo mvula ya mamilimita 20 padenga la masikweya mita 50 ndi malita 1,000. Zonsezo zidutse papaipi yogwidwa ndi waya?

Chimene ndinachita ine: ndinaboola ndi dililo pakati penipeni pa njerwa, osati m'mphepete chifukwa imang'aluka. Pulagi (kapulasitiki kolowetsa m'bowo kuti sikuluu igwire) ya mamilimita 8, biti (kachitsulo koboolera ka dililo) ya khoma ya mamilimita 8, osati yokulirapo. Fumbi la m'bowolo muliuzire lichoke musanalowetse pulagi, apo ayi imazuka. Masikuluu akhale osachita dzimbiri, enawa amasiya mizere yofiira pakhoma. Mabulaketi a paipi asatalikirane kupitirira mamita 2, ndipo pa joini iliyonse pakhale imodzi. Gata yeniyeniyo imamangidwa pa fesha bodi, thabwa la m'mphepete mwa denga lija, mabulaketi osapitirira mita imodzi. Kokani chingwe kaye, itsike mamilimita atatu pa mita iliyonse kulowera kupaipi. Ikakhala ya pulasitiki musaipanikize kwambiri pa joini, imafutukuka kukatentha. Pansi ikani chigongono choti madzi azigwera kutali ndi maziko.

Komabe ngati njerwa zanu n'zakale kapena zofewa, boolani m'mzere wa simenti momwemo, bola ukhale wolimba mukaukanda ndi msomali. Inde ndikudziwa kuti ndangoutukwana kumene, koma mzere ukawonongeka mumangomata, pamene njerwa ikasweka yasweka. Ndiponso musakwere nokha ngati ine, pezani mmisiri. Kungoti ndalama yomaliza musapereke asanathire ndowa ya madzi kumapeto kwa gata inu mukuona, muone ngati atulukire kupaipi onse.